Kufiira kwa mapiri a ku Redcliff ndi nthawi yowajambulira

Mapiri amene amaonekera kuchokera ku Torwood, komboni ya m'tawuni ya Redcliff kufupi ndi Kwekwe m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, ndi ofiira chifukwa miyala yake ili ndi chitsulo chochuluka. Chitsulocho chili mu mwala wotchedwa hematite, umene umapangika chitsulo chikalumikizana ndi okosijeni, mpweya umene zamoyo zimapuma, monga mmene dzimbiri limagwirira khasu losiyidwa pamvula. Akatswiri a miyala amati miyala yotereyi idayalana pansi pa nyanja zakale zaka zoposa 2.5 biliyoni zapitazo.

Chitsulo chomwechi ndi chimene chidasonkhanitsa anthu a ku Torwood, pakuti fakitale ya RISCO, imene idayamba kusungunula chitsulo ku Redcliff mu 1948 n'kudzatchedwa ZISCO dziko litalandira ufulu mu 1980, idalemba ntchito amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ng'anjo zake zidazima mu 2008, koma mabanja ambiri adatsala, ndipo kwa adzukulu amene sadapondeko kumudzi kwa agogo awo, mapiriwa ndiwo chizindikiro cha kwawo. Katswiri wa maphunziro a malo, Yi-Fu Tuan, adalongosola chikondi chotere cha munthu pa malo m'buku lake la 1974 lotchedwa Topophilia, ndipo si chinthu chochipeputsa, chifukwa munthu amakhazikika mtima pamalo pamene maso ake adazolowera.

Wojambula mapiriwa masana, ngakhale ndi foni yabwino, nthawi zambiri amapeza chithunzi chotuwa, ndipo vuto limakhala kuwala osati chipangizo. Kuwala kwa dzuwa ndi kosakanizana mitundu ingapo, ndipo monga adafotokozera John William Strutt, amene adadzatchedwa Lord Rayleigh, mu 1871, mpweya umamwaza kwambiri mtundu wobiriwira ngati thambo n'kulola wofiira kudutsa. M'mawa ndi madzulo dzuwa limakhala m'munsi, choncho kuwala kwake kumayenda mtunda wautali mumpweya n'kufika pamwala kutafiira, ndipo hematite, amene amameza mitundu ina n'kubweza wofiira, amaoneka bwino koposa. Kuwala kochokera m'mbali kumaponyanso mithunzi imene imaonetsa ming'alu ndi mizere ya thanthwe, zimene dzuwa la paliwombo limazibisa.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba zakutali, ngakhale kuti ndi nthawi yomweyo pamene mitengo ya msasa imaphukira masamba ofiira, amene amatero chifukwa cha anthocyanin, utoto wachilengedwe wopezeka m'masamba anthete. Mvula yoyamba ikatsuka mlengalenga, cha mu Novembala, miyala yonyowa imafiira kwambiri, koma wojambula ayenera kutalikira m'mphepete mwa maenje akale a mgodi, amene nthaka yake imagumuka mosavuta ikanyowa.