Kodi Kukoma kwa Besi Kumachokera Kuti?

Lero tikambirana za chida chimene anthu sachizindikira pamene chikuimbidwa bwino, koma amachidandaula msanga chikaimbidwa molakwika. Chidachi ndi gitala ya besi. Nkhaniyi ndakonzera makamaka inu anyamata ndi atsikana amene mumaimba m'makwaya, m'maukwati ndi m'timagulu ta kumudzi popanda malipiro, ndiponso inu akuluakulu a mipingo amene mumasonkhetsa ndalama zogulira zida.

Loweruka lina ndinapita ku Chinamwali, pamsewu wochoka mu mzinda wa Zomba kulowera ku Liwonde, kukajambula kwaya ya mpingo wina. Tchalitchi chake n'cha njerwa, chofolera ndi malata, chopanda siling'i, ndipo ukaima pakhomo phiri la Zomba limakhala ngati likukuweramira. Woimba besi anali mnyamata wa sukulu ya sekondale, waulemu wake, wa zala zofulumira. Sipika yake anali ataikankhira pakona, batani la mawu akuya atalipotokola mpaka kumapeto, ena onse atawatsitsa. Nyimbo itangoyamba malata anayamba kunjenjemera, magalasi a mawindo kulira, ndipo amayi a mzere wa kutsogolo ankangooneka kuyasama, mawu awo osamveka. Titatha ndinawamvetsera zimene tinajambulazo pa kawailesi kakang'ono kamene ndimayenda nako. Amayi aja ankamvekako patali, koma besi, imene inagwedeza denga lonse, munalibemo.

"Achimwene," anatero mnyamata uja, "makina anuwa ndi amene adya besi yanga. Komanso gitalayi njotchipa. Mpingo ukadagula yeniyeni, bwenzi zikumveka."

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri, ku Matawale, ku Songani, ngakhale ku Blantyre komwe. Sindikana kuti chida chabwino chimathandiza. Koma tisanatume akhristu kukasonkha ndalama zimene zikadagula simenti kapena mabuku a nyimbo, tiyeni tiyambe taona kumene liwu la besi limachokera.

Gitala ya besi ya magetsi si yakale kwenikweni. Imene inafala pa dziko lonse anaikonza Leo Fender ku California m'chaka cha 1951, naitcha Precision Bass. Isanadze imeneyi, oimba a ku America ndi ku Ulaya ankanyamula chibesi chonga vayolini, chotalika ngati munthu wamkulu, chovuta kuyenda nacho, chimenenso sichinkamveka bwino pakati pa malipenga ndi ng'oma. Kwathu kuno anyamata sanadikire gitala ya Fender. Nyimbo za kwela zitafika kuchokera ku Joni m'zaka za m'ma 1950, zinadza pamodzi ndi besi ya nsambo imodzi: bokosi, ndodo ndi chingwe, basi. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, gulu lawo linkaimba ndi besi yotere pamene Gerhard Kubik, katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, anakumana nawo ku Blantyre mu 1967, ndipo nyimbo zawo zinakamveka mpaka ku Ulaya.

Pambuyo pake kunabwera babatoni yaikulu ija imene ambiri a inu mwaiona m'misika: mtengo wautali wolowa m'ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, ndi nsambo imodzi, kawirikawiri ya waya wochotsa m'tayala. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anatchuka ndi babatoni yotalika pafupifupi mamita 3, akumenya nsambo ndi kamtengo, dzanja linali likuyendetsa botolo pa nsamboyo. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe, ndipo mu 2017 anakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenaka ku Ulaya. Besi ya gulu limeneli sinatuluke m'sitolo ayi. Anthu a kunja analipira ndalama kuti akamve chida chopangidwa ndi manja.

Tsono nsambo imalira bwanji? Ukaikodola imanjenjemera, ndipo kuya kapena kukwera kwa liwu lake kumadalira zinthu zitatu: kutalika kwake, kulemera kwake, ndi kukungika kwake. Aliyense amene anaonapo anthu akukonza ng'oma za gule amadziwa kale ziwiri mwa izi. Ng'oma akaiwamba pamoto chikopa chimakungika, liwu n'kukwera. Akamata phula pakati pake chikopa chimalemera, liwu n'kuya. Nsambo ya besi ili ndi phula lakelake, ndilo kawaya kamene amakulunga kuzungulira waya wa pakati kuti ilemere. Woimba bokosi la kwela amasintha liwu pokoka ndodo, ndiko kukunga chingwe. Wa babatoni ya botolo amasintha pofupikitsa nsambo, monga momwe wa gitala amachitira akakanikiza chala pa timizere tachitsulo ta pakhosi. Zida n'zosiyana maonekedwe, koma lamulo lake n'limodzi.

Pa gitala yonga ya Fender nsambo zimatalika mainchesi 34, ndiye kuti pafupifupi masentimita 86, ndipo zinayizo amazichuna pa E, A, D ndi G. Nsambo yaikulu ya E imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, ya A ka 55, ya D ka 73, ya G ka 98. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha besi imene inasowa pa wailesi ija. Nsambo sinjenjemera mwa njira imodzi yokha. Pamene yonse yathunthu ikugwedezeka ka 41, matheka ake akugwedezeka ka 82, zigawo zake zitatu ka 123, zigawo zinayi ka 164, kumangokwera motero. Liwu limodzi la besi lili ngati banja: tate wa mawu akuya ali pansi, ana ake a mawu aang'ono atamuzungulira. Kasipika ka wailesi ya mabatire kapena ka foni ya m'manja sikangathe kutulutsa liwu la tateyo, pakuti n'kakang'ono, sikakankha mpweya wokwanira. Kamatulutsa la ana okha. Chodabwitsa n'chakuti khutu la munthu likamva anawo limazindikira tate wawo, ndipo timamva ngati besi ilipo yathunthu.

Mnyamata wa ku Chinamwali, potsitsa mabatani a mawu apakati ndi aang'ono, anali atathamangitsa ana onse n'kutsala ndi tate yekha. M'tchalitchi tateyo anagwedeza malata, koma pa wailesi panalibe womuimirira. Ife a ntchito ya wailesi timaganizira mayi amene akumvera ku Phalombe kapena ku Mchinji, kawailesi kali pawindo iye akusenda mbatata. Besi imene mayi ameneyo sangaimve, kwa ife ndi besi yotayika. Chotero langizo langa loyamba n'lakuti batani la mawu akuya muliike pakati, la mawu apakati mulikwezeko pang'ono, ndipo la pa gitala penipeni musalitseke lonse.

Za sipika ndinene mwachidule. Liwu likatsika ndi okitevu imodzi, pepala la sipika liyenera kuyenda mtunda wochuluka kanayi kuti phokoso likhale lofanana. N'chifukwa chake ampulifaya ya gitala wamba, kapena sipika ya wailesi ya m'nyumba, imang'ambika mukailumikiza ku besi n'kukweza. Akulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo okonza mawailesi m'misika yathu angakuchitireni umboni. Mukamva sipika ikuyamba kuphwephwetera, tsitsani pomwepo, ikupempha chifundo.

Malo oikapo sipika ali ndi mphamvu kuposa mmene ambiri amaganizira. Funde la liwu la E yaikulu limatalika mamita opitirira 8, kutanthauza kuti m'matchalitchi athu aang'ono limagunda khoma n'kubwerera lisanathe n'komwe. Mafunde opita ndi obwerera akakumana, pamalo ena amaphatikizana liwu n'kukula kwambiri, pamalo ena amafafanizana liwu n'kuzimirira. Pakona ndiye poipitsitsa, chifukwa makoma awiri ndi pansi zonse zimabweza liwu pamodzi. Woimba amene waima pafupi ndi sipika, liwu likumudutsa m'miyendo, akhoza kuganiza kuti sakumveka, pamene agogo okhala ku khoma la kumbuyo agwira kale mutu. Chotsani sipika pakona, muisunthe sitepe imodzi kapena ziwiri, ndipo mutume mnzanu wa khutu labwino akaime kumbuyo. Zimene anene iyeyo muzikhulupirire kuposa zimene mukumva inu.

Tifike tsono pa zala, pakuti mbali yaikulu ya liwu ili pamenepo. Tengani gitala yomweyo, osakhudza batani lililonse. Kodolani nsambo pafupi ndi pamene yatsamira kumunsi: liwu lituluka louma, lakuthwa, loyenera nyimbo zothamanga za mtundu wa rumba. Kodolani pafupi ndi khosi, ndi mnofu wa chala: lituluka lonenepa, lofewa, longa lija timalimva mu reggae ya ku Balaka, kumene Alleluya Band inayambira mu 1978, kapena ya ku Chileka kwa Black Missionaries. Magitala awiri m'gitala imodzi, osalipira tambala. Musamenye nsambo mwamphamvu. Ikamenyedwa kwambiri imagunda timizere tachitsulo, liwu n'kufa msanga. Kodolani mofatsa, ntchito yokweza muisiyire ampulifaya.

Chimene chimasiyanitsa wophunzira ndi wodziwa, m'kuona kwanga, ndicho kutha kuletsa nsambo. Kuliza aliyense amatha. Nsambo za besi n'zolemera, ndipo ukaliza imodzi zinzake zimayamba kung'ung'udza zokha. Ukasiya E ikulira n'kupita pa A, mawu awiri akuya amasakanikirana n'kukhala matope. Woimba wabwino amagoneka chala chachikulu pa nsambo imene sakuigwiritsa ntchito, ndipo amadula liwu lililonse pa nthawi yake, kuti pakati pa liwu ndi linzake pakhale kampata. M'kampata kameneko ndi mmene mumalowa ng'oma, ndiponso ndi mmene mumadutsa mawu a nyimbo. Aston Barrett, amene ankaimbira Bob Marley besi, anatchuka chifukwa cha mipata yotere. James Jamerson, amene besi yake ili m'nyimbo zambirimbiri za kampani ya Motown ku Detroit m'zaka za m'ma 1960, ankakodola kwenikweni ndi chala chimodzi, pa nsambo zakale zimene sankafuna kuzisintha. Pamene ndinali ku koleji ya aphunzitsi anatiphunzitsa kuti mphunzitsi wolankhula kosapuma ana samumva. Ndinadzazindikira mochedwa kuti phunziroli likukhudzanso besi.

M'kwaya nkhaniyi njaikulu koposa, pakuti anthu abwera kudzamva mawu. Woimba besi amene waphunzira kuthamangitsa zala amafuna kuonetsa zonse m'nyimbo imodzi, ndipo ndimamumvetsa, popeza anazivutikira usiku. Koma ndime ikamaimbidwa agwire mizu ya nyimbo pamodzi ndi ng'oma ya phazi, zokometsera azisungire pamene oimba apuma.

Kasamalidwe ka chida kuno ku Zomba kali ndi vuto lakelake, ndilo chinyezi cha m'tsinde mwa phiri. Thukuta ndi chinyezi zimadyetsa nsambo dzimbiri, ndipo litsiro likalowa m'mikulungo liwu limagontha. Pukutani nsambo ndi kansalu kouma nthawi iliyonse mukatha kuimba. Ena amaziwiritsa m'madzi kwa mphindi zingapo n'kuziumitsa bwinobwino. Liwu limabwereradi kwa kanthawi, ngakhale kuti nsambo yowiritsidwa kawirikawiri imafooka. Gitala musaisiye padzuwa kapena kuitsamiritsa ku khoma lonyowa, chifukwa khosi limapindika, nsambo n'kutalikira, zala n'kumapweteka. M'kati mwa khosi muli chitsulo chowongolera, koma chimenecho chipotokolidwe pang'onopang'ono ndi munthu wodziwa. Chikathyoka, gitala yatha.

Pali chinanso chimene sindingachisiye. Magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo liwu la G pa kamzere kachitatu ka nsambo yaikulu ndi ka 49. Motero kung'ung'udza kumene kumamveka m'sipika pamene palibe akuimba kumakhala pakati penipeni pa mawu a besi, n'kumalimbana nawo. Kawirikawiri gwero lake ndi nthambo yothetheka kapena pulagi yopanda waya wa pansi. Ndaonapo anyamata akulowetsa mawaya osavala mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Chonde lekani. Nsambo za gitala n'zachitsulo, ndipo zimalumikizana ndi ampulifaya kudzera m'nthambo. Mukamva nsambo kapena maikolofoni zikukulumani pang'ono, zimitsani zonse ndi kuitana wodziwa za magetsi tsiku lomwelo. Oimba ena m'maiko akunja anafera pa nsanja m'njira imeneyi.

Ku Chinamwali kuja tinakoka sipika kuichotsa pakona, tinabweza mabatani pakati, ndipo ndinapempha mnyamata uja kuti aimbe theka la zimene ankaimba poyamba. Anavomera, koma nkhope ili gwaa. Nyimbo itatha, mayi wina wachikulire amene ankasesa kumbuyo anaimika tsache nati, "Lero ndiye ndamva zimene ana inu mumanena m'nyimbo imeneyi." Mnyamata uja anandiyandikira n'kunong'ona, "Koma achimwene, ineyo sindinamveke." Ndinayatsa kawailesi kaja n'kumupatsa m'manja. Anamvetsera ndime yoyamba, nabwezera, namvetseranso, mutu ukuyenda wokha. Pamene ankaika gitala m'thumba lake ndi pamene ndinaona kuti nsambo ya G inali itaduka kalekale, ataingokulunga ku mutu wa gitala. Nyimbo zonse za tsiku limenelo anaziimba pa nsambo zitatu.