Tikadye Kuti? Kusankha Nyumba Yodyeramo mu Mzinda

Phunziro lathu la lero likunena za nyumba zodyeramo za m'mizinda, zimene ambiri amazicha malesitilanti. Kumudzi mlendo sasowa kodya, pakuti akangofika pakhomo amamulandira ndi madzi osamba m'manja. M'tauni zinthu nzosiyana. Bambo amene agwira nchito ku Cairo Road koma akhala ku Matero sangabwerere kunyumba masana kukadya nsima, ndipo banja limene lacokera ku Chipata kudzaona wodwala ku cipatala ca UTH liyenera kupeza podyera. Tsiku lina inunso mudzaima pamsewu ndi ndalama m'thumba, mukudzifunsa kuti mulowe khomo liti. Titenga mzinda wa Lusaka monga citsanzo cathu, koma zimene muphunzire zidzakuthandizaninso ku Ndola, ku Kitwe kapena ku Chipata.

Ufulu wosankha podyera sunalipo kale. Pamene dziko lino linali kuchedwa Northern Rhodesia, munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala pansi m'mahotela ndi m'nyumba za tiyi za azungu, ndipo m'masitolo ambiri anali kugulira pa kazenera ka kumbali. Lamulo loletsa tsankho m'malo odyera linabwera mu 1960, zaka 4 lisanafike tsiku la ufulu wathu, 24 October 1964. Lero makomo onse ngotseguka kwa aliyense amene angathe kulipira. Cimene catsala kwa ife ndico kusankha mwanzeru, ndipo pali mafunso atatu amene atithandiza kutero.

Funso loyamba nlakuti: kodi tikupita kukadya cifukwa ca ciyani? Kudya kwa tsiku ndi tsiku kusiyana ndi kudya kwa pa tsiku la cikondwerero. Munthu wanchito amene ali ndi ola limodzi lopumula afuna cakudya cokhutitsa, cosadula, cobwera msanga, ndiponso capafupi. Iye angapite ku timalesitilanti ta m'misika monga Soweto, City Market ndi Kamwala, kapena ku Thorn Park kumene kuli malo ochuka ochedwa matebeto. Liwu limeneli ndi la Cibemba, ndipo litanthauza phwando limene a kucikazi amaphikira mkamwini zakudya zamitundumitundu. M'malo otere mupeza nsima ndi nkhuku ya kumudzi, kapenta, nsomba yowocha, nyemba, cibwabwa, kalembula, therere ndi ndiwo zotendera, ndipo mumaloza nokha zimene mufuna. Kulinso malo a nkhuku yokazinga ndi chipisi m'misika yamakono monga Manda Hill, umene unatsegulidwa mu 1999, Arcades ndi East Park. Cakudya cimeneci cibwera msanga ndipo ana acikonda, koma ciri ndi mafuta ndi mcere wambiri. Nca apo ndi apo cabe, osati ca masiku onse.

Tsiku lapadera lifuna maganizo ena. Tinene kuti mlongo wanu watsiriza maphunziro pa yunivesite, kapena agogo abwera kucokera kumudzi ndipo banja lifuna kuwalemekeza. Pamenepo kukhuta kokha sikukwanira. Pafunika malo abata kumene anthu angaceze ndi kumvana, okhala ndi mipando yokwanira onse pa tebulo limodzi. Lusaka ali ndi mahotela akale monga Ridgeway ndi Pamodzi, ndiponso malesitilanti ophika zakudya za ku India, China, Italy ndi Lebanon m'madera monga Rhodes Park, Longacres ndi Kabulonga. Ngati muli ambiri, makolo anu ayenera kusungitsa malo kukali masiku, nanena tsiku, nthawi ndi ciwerengero ca anthu, kuti ophika akonzekere.

Posankha malo a tsiku lotere, yambani mwaganizira munthu amene mukumulemekezayo, pakuti phwando ndi lake. Agogo amene anazolowera nsima sangakondwere ndi mpunga wodzaza tsabola, ngakhale ukhale wodula cotani, ndipo masitepe ataliatali angawavute miyendo. Mlendo wacisilamu ndiponso wa mpingo wa Seventh-day Adventist sadya nyama ya nkhumba. Wodwala matenda a shuga ali ndi zakudya zimene adokotala anamuletsa. Ngati pali ana, malo amene anthu amapitirako mowa ndi nyimbo zaphokoso si oyenera. Zonsezi zifunsidwe musanacoke panyumba.

Funso laciwiri ndilo lalikulu koposa onse: kodi malowo ngaukhondo? Funso limeneli silisintha, kaya mukudya nsima ya masana pamsika, kaya muli pa phwando m'hotela. Ana ambiri a inu mukumbukira kuti mu January 2024 sukulu sizinatsegulidwe pa nthawi yake, kufikira mu February, cifukwa ca kolera. Mliri umenewo unayamba mu October 2023, unagwira anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, ndipo bwalo la maseŵera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala. Mu January 2018 namonso, pa mliri wina wa kolera, boma linaletsa malonda a m'mbali mwa misewu ya Lusaka ndi kutseka malo ena odyera, pamodzi ndi ena ochuka a m'kati mwa tauni. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Magalasi owala ndi mipando yofewa si umboni wakuti kukhichini nkoyera.

Tizirombo ta kolera ndi ta matenda ena otsegula m'mimba timakhala m'cimbudzi ca munthu wodwala. Timafika m'cakudya kudzera m'madzi oipa, m'manja osasamba ndi pa miyendo ya nchenche. Sitioneka ndi maso, koma njira zimene timadzera zioneka. Cotero polowa m'nyumba yodyeramo yang'anani zinthu izi. Kodi pali madzi oyenda kapena othirira, pamodzi ndi sopo? Kusamba anthu ambiri m'beseni limodzi ndiko kugawana litsiro. Kodi zakudya nzovundikira? Kodi zinyalala ndi madzi otsukira mbale atayidwa kutali ndi pophikira? Kodi operekera zakudya ali ndi zovala zoyera ndi zikhadabo zazifupi, ndipo amene agwira ndalama sagwiranso cakudya ndi dzanja lomwelo? Pomaliza, kaoneni cimbudzi. Mwini malo amene alekerera cimbudzi cimene alendo ake aciona sangasamale khichini imene saiona.

Cinthu cina cofunika ndico kutentha kwa cakudya. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, liphunzitsa kuti tizirombo timaswana msanga pamene cakudya ciri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndi kuti cakudya cophika cisakhale poyera kupitirira maola 2. Ndiye kuti cotentha cizikhala cotentha kwenikweni, ndipo cozizira cizikhala m'firiji. Nsima yongophulidwa kumene ndi ndiwo zotuluka nthunzi pa kalesitilanti ka pamsika zingakhale zabwino koposa mpunga wofunda cabe umene wakhala pa tebulo la hotela kuyambira m'mawa. Samalani ndi masamba osaphika, zipatso zosendedwa kale, ndi madzi oundana oika m'zakumwa ngati simudziwa kumene madziwo acokera. Malo amene anthu ambiri amalowa ndi kutuluka ali ndi ubwino wakuti cakudya sicikhalitsa m'miphika.

Boma nalonso lithandiza pa nchito imeneyi. Pali lamulo la Food Safety Act la mu 2019, ndipo oyendera zaumoyo a Khonsolo ya mzinda ali ndi mphamvu yolowa m'malo odyera ndi kutseka amene ali auve. Ophika ndi operekera zakudya ayenera kupimidwa kucipatala ndi kukhala ndi cikalata cosonyeza kuti alibe matenda opatsirana. Koma oyendera sangakhale paliponse tsiku liri lonse. Maso anu ndiwo mlonda wapafupi, ndipo si mwano kutuluka mwaulemu musanaitanitse kanthu ngati zimene mwaona sizinakukondweretseni.

Funso lacitatu nlakuti: kodi thumba lathu lilola? Werengani mndandanda wa zakudya ndi mitengo yake musanaitanitse, ndipo ngati palibe colembedwa, funsani. Safunsa anadya phula. Funsani ngati mtengowo waphatikiza kale msonkho wa VAT, umene uli 16 peresenti. Dziwaninso kuti mahotela ndi malesitilanti akuluakulu amawonjezera 10 peresenti ya anchito operekera zakudya. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti banja la anthu 8 lasankha cakudya ca K120 munthu mmodzi. Zonse pamodzi ndi K960. Mukawonjezera 10 peresenti, imene ndi K96, bilu ikhala K1,056, ndipo apa sitinawerengere zakumwa kapena ndalama ya galimoto yobwerera kunyumba usiku. Bilu ikabwera iwerengeni mofatsa, ndipo landirani lisiti.

Banja lanzeru liyamba laika pambali ndalama imene lingathe kuwononga, kenaka lisankha malo olingana ndi ndalamayo. Kutenga kaloba cifukwa ca madzulo amodzi ndiko kudyeratu ufa wa mwezi wamawa ndi ndalama za mabuku a sukulu. Ngati ndalama yacepa, nkhuku ya kumudzi pa malo aukhondo a matebeto, kapena phwando lophikidwa panyumba, zipereka ulemu wokwanira. Kuli konse kumene mudya, lankhulani mwaulemu ndi okutumikirani. Aitaneni kuti bambo kapena mayi, osati ndi mluzu, pakuti iwonso ndi makolo a ana anzanu.

Aphunzitsi, phunziro likatha citani izi ndi ana anu. Coyamba, alembe mafunso atatu aja m'mabuku awo, ndipo afotokoze cifukwa cake funso laciwiri silisintha ndi mtundu wa tsiku. Caciwiri, agaweni m'magulu, gulu liri lonse lilembe mndandanda wa zakudya 5 za kwanuko ndi mitengo yake, ndi kuwerengera bilu ya anthu 6 pamodzi ndi 10 peresenti. Cacitatu, pitani nawo kumene amagula zakudya pa nthawi yopumula pafupi ndi sukulu, ayang'ane madzi, sopo, zovundikira ndi nchenche, ndipo pobwera akambirane zimene aona popanda kuchula dzina la wogulitsa aliyense. Tsalani bwino ana nonse, mpaka tidzakumanenso pa phunziro lotsatira.