Galimoto Kapena Sitima Pokacheza Kunja

Munthu wa ku Namitete akafuna kukaona zokongola za m'maiko oyandikana nafe, ayambe wadzifunsa chimene mtima wake ukukhumba. Ngati alakalaka njovu ndi mvuu za m'chigwa cha Luangwa, galimoto ndiyo imuyenera, pakuti msewu wa ku Mchinji udzam'dutsitsa pa Mwami ndi Chipata kufikira ku Mfuwe, kumene njanji siifika, ndipo adzaima paliponse pamene diso lakondwera. Koma iye wolinga ku Dar es Salaam akakwere sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi, nayende makilomita 1,860 pa njanji imene inatha kumangidwa mu 1975. Adzagona m'njira osalema ndi chiwongolero, nadzapenya nyamalikiti pazenera podutsa m'nkhalango ya Selous. Sitimayo imachedwa ndithu, komatu akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.