Mbuzi Ikadya M'munda, Alipa Ndani? Za Kabaza, Ngozi ndi Mlandu

Kum'mawa kusanayere, pamene mame akali pa udzu ndipo amayi a geni akumanga mitolo ya mpiru ndi chisoso kuti akafike pamsika dzuwa lisanaswe mtengo, pa mphambano za ku Chinsapo, ku Mtandire ndi ku Nsungwi mu Lilongwe, ndiponso pa Ndirande ndi pa Bangwe mu Blantyre, pamakhala patandandalika kale njinga zamoto, anyamata atazikhalira, manja ali m'matumba chifukwa cha chisanu, maso ali pa aliyense wotulukira m'kanjira. "Tiyeni amayi, ndikakusiyeni!" "Bwana, tipite!" Ndipo munthu wochedwa ku ntchito, posafuna kudikira minibasi imene siinyamuka isanadzaze, amakwera osafunsa kanthu, nadzipereka yense m'manja mwa mnyamata amene sadziwa dzina lake, kwawo, ngakhalenso mwini wa njinga imene wakhalapo.

Kungakhale kusayamika kunena kuti kabaza ndi choipa chokhachokha. Ntchitoyi inayamba ndi njinga zakapalasa, zija a ku Mzuzu anazitcha Sacramento, ndipo pamene njinga zamoto zotsika mtengo monga Lifo, King Lion ndi Boxer zinayamba kulowa m'dziko muno, zinafika kumene basi siinapondeko chiyambire: zatengera amayi apakati ku chipatala usiku, zatulutsa matumba a mtedza m'midzi ya kuseri kwa mitsinje, ndipo zapatsa nsima anyamata ochuluka amene anamaliza sukulu nasowa wowalemba ntchito. Koma akulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a mvula imeneyi akuoneka m'zipatala.

Amene anapitako kukazonda wodwala m'mawodi a anthu othyoka mafupa ku Kamuzu Central, ku Queen Elizabeth, ku Zomba kapena ku Mzuzu adziwa chimene chinenedwa pano: miyendo ili m'zikhakha, ina yokolekedwa ku zitsulo, ndi owadikirira atagona pansi masabata ambiri, minda kumudzi ikumera thengo. Chipatala cha LION, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2023 pa Kamuzu Central kuti chizichiza mafupa, ubongo ndi msana, chinapeza ntchito ikuchidikira pakhomo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena m'chaka chomwecho kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka ndi chaka, ndi kuti mwa ana ndi achinyamata a zaka 5 kufikira 29 palibe chimene chimapha ambiri koposa ngozi za pamsewu; ndipo msinkhu umenewo ndiwo wa akabaza ambiri, ndiwonso wa ana a sukulu amene amawanyamula atatu kapena anayi pa njinga imodzi.

Timakonda kunena kuti chakudza sichiimba ng'oma, ngati kuti ngozi imagwa kuchokera kumwamba. Koma zambiri mwa ngozi zimenezi zimaimba ng'oma kalekale, ife tokha ndife ogontha. Mnyamata amene anaphunzira njinga madzulo amodzi pa bwalo la mpira, mnzake akumugwirira kumbuyo, adziwa kupotoza mafuta koma sadziwa chifukwa chake sayenera kupitirira lole cha kumanzere, kumene woyendetsa lole samuona. Njingayo kawirikawiri si yake; ndi ya bwana wina, mphunzitsi kapena wogwira ntchito m'boma, amene amayembekeza ndalama yoikika madzulo alionse, ndipo mnyamatayo sadya kanthu kufikira atakwanitsa ya bwana ndi ya mafuta. Ichi ndicho chimamuthamangitsa. Tsono njinga yoyenda makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi yokha, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Kotero kuti pa malo a malonda a m'mbali mwa msewu wa M1, monga pa Lunzu, pa Lizulu kapena pa Mponela, pamene msika unasefukira mu phula, mwana wodumpha msewu ndi mnyamata wothamangira ndalama ya bwana amakumana mabuleki asanagwire. Mfulumira adadya gaga.

Galimoto ili ndi chitsulo chotchinga mwini wake, koma pa njinga yamoto chitsulo chake ndi thupi la wokwera. Chisoti chabwino, chomangidwa lamba wake pachibwano, chimachepetsa kuvulala kwa ubongo kufikira 74 pa 100 iliyonse, monga a WHO anenera. Komabe timachiona chikulendewera pa chiwongolero, kuyembekeza pamene aoneke apolisi a pamsewu, ndipo wokwera kumbuyo, makamaka mayi amene wangomanga kumene tsitsi, amachikana kuti n'chathukuta la anthu ena.

Lamulo silinakhale chete. Lamulo la za pamsewu la Road Traffic Act la 1997 limafuna kuti njinga yamoto ilembetsedwe ndi kukhala ndi nambala, kuti woyendetsa akhale ndi laisensi, imene ili ya gulu la A1 kwa njinga zazing'ono ndi A kwa zazikulu, ndi kuti pakhale inshulansi yolipira anthu ena amene njingayo ingawapweteke. Akabaza amadandaula, ndipo dandaulo lawo lili ndi mutu, kuti ndalama za zonsezi n'zolemera ndi kuti maofesi a nthambi ya boma yoona za pamsewu ali kutali ndi midzi yawo. Ndipo njinga zolandidwa zimene zikuchita dzimbiri kuseri kwa maofesi a polisi zichitira umboni kuti kulanda kokha sikunathetse nkhaniyi. Koma kulemera kwa lamulo sikufafaniza mlandu tsiku limene magazi akhetsedwa.

Pakuti ngozi ikachitika pamabadwa milandu iwiri, imene ambiri amaiyesa umodzi. Woyamba ndi wa boma: apolisi amatengera woyendetsa ku bwalo la majisitireti chifukwa choyendetsa mosasamala, kapena chifukwa chopha munthu poyendetsa mosasamala, ndipo chilango chake ndi chindapusa, ndende, kapena kulandidwa laisensi. Chindapusacho chimapita ku thumba la boma, pokhapokha bwalo litalamula kuti gawo lina lipite kwa wovulala kapena kwa ofedwa. Bwalo likapanda kutero, wothyoka mwendo salandirapo ngakhale tambala. Wachiwiri ndi wa wovulalayo mwini, kapena wa mkazi wamasiye ndi ana ake, amene ayenera kudzisumira okha kuti alandire chipukuta misozi cha ululu, cha kulumala, cha ndalama zimene anaononga pochiritsidwa, ndi cha thandizo limene malemu akanapitiriza kupereka pakhomo.

Apa ndipo nzeru ya makolo ikumana ndi nzeru ya mabwalo a lero. Mbuzi zikalowa m'dimba la mwini n'kudya chimanga, nyakwawa siimaitana mbuzi, ndiponso siikhutira ndi kukalipira kamnyamata kobusa; imaitana mwini khola. Chilamulo cha Mose nachonso chinaika mlandu pa mwini ng'ombe amene anadziwa kuti ng'ombe yake imagunda anthu koma osaitsekera. Chomwechonso mabwalo athu amaona kuti wolemba munthu ntchito amasenza kulakwa kumene wantchitoyo wachita ali pa ntchito yake; ndipo bwana amene anagula njinga, naipereka kwa mnyamata wopanda laisensi, namuikira ndalama ya tsiku ndi tsiku, adzavutika kusamba m'manja pamaso pa woweruza ndi mawu akuti iye panalibe. Ngati njingayo inali ndi inshulansi, lamulo limalola wovulala kusumira kampani ya inshulansiyo mwachindunji, ndipo kampaniyo imalipira kufikira malire a pangano lake, chotsalacho n'kugwera mwini njinga. Koma ngati inshulansi panalibe, katundu yense amagwa pa mutu wa anthu awiri, mnyamata wopanda kanthu ndi bwana amene mwina adzagulitsa njinga, ng'ombe, ngakhale malata a nyumba. Ndipo onsewo akapezeka osauka, wovulala amatsala ndi chigamulo cha pa pepala, chimene sichigula ndodo yoyendera.

Chifukwa chake wogwa m'ngozi, kapena mbale wake, asanyengedwe ndi ndalama zochepa zoperekedwa m'mbali mwa msewu ndi mawu akuti tithane pachibale, pakuti bala la m'mutu limadziulula mawa, wopepesa uja atapita. Alembe nambala ya njinga kapena ya galimoto, adziwe mboni, atenge lipoti la apolisi ndi kalata ya dokotala yofotokoza mabala ake, ndipo asazengereze. Akulu anati mlandu suola, koma lamulo la lero linaika malire a nthawi yosumira, ndipo wochedwa amapeza chitseko chotseka. Wosowa ndalama ya loya akagogode ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa chifukwa cha anthu otere. Adziwenso kuti bwalo limayesa mbali zonse: amene anakana chisoti, kapena anakwera wachitatu pa njinga ya anthu awiri, angathe kuchepetseredwa chipukuta misozi monga mwa gawo lake la kulakwa. Ndipo khamu lija limene limathamangira kutentha njinga, kapena akabaza amene amaunjirira woyendetsa galimoto amene wagunda mnzawo, amangoonjeza mlandu pa mlandu, nachititsa kuti ena azithawa pamalo pa ngozi, wovulala ali chigonere, m'malo moima ndi kukanena ku polisi monga lamulo lifunira.

Madzulo ano, pamene anyamata azibweza njinga ndi kuwerengera mabwana awo ndalama za tsikuli, pali funso limene mwini njinga aliyense akanayenera kudzifunsa asanazipinde m'thumba: kodi mbuzi yangayi ili ndi chingwe? Laisensi ya mnyamata, nambala ya njinga, pepala la inshulansi ndi zisoti ziwiri ndicho chingwe chake, ndipo mtengo wa zonsezi pamodzi sufika pa mtengo wa mwendo umodzi wa mwana wa mwini. Makolo athu ankamangirira mbuzi mvula yoyamba ikangogwa, chimanga chisanamere. Sankadikira kuitanidwa ku bwalo.