Malungo a kunyumba ndi malungo a mu labotale

Kuno ku Milange mwana akatentha thupi timangoti wadwala malungo. Mu labotale mawu omwewa ali ndi tanthauzo lopapatiza: ndi matenda obwera ndi tizilombo ta Plasmodium, timene timalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi udzudzu wa Anopheles. Mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri ayenera kudziwa kusiyanaku, chifukwa mwana amabwera m'kalasi ndi tanthauzo loyamba, pamene buku la sayansi likunena lachiwiri.

Tiyeni tione zimene amachita achinyamata ophunzira za labotale, monga a ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, mzinda umene timaufika tikawoloka malire pa Muloza. Wophunzira amadontheza magazi pa kagalasi, n'kuwayala, n'kudikira kuti aume. Kenako amawanyika mu utoto wa Giemsa kuti tizilombo tioneke. Akaika kagalasiko pa maikulosikopu yokulitsa zinthu ka 1,000, amawerenga tizilombo poyerekeza ndi maselo oyera a magazi 200, ndipo amalemba chiwerengerocho. Pa kafukufuku, munthu wachiwiri amawerenganso kagalasi komweko osaona zimene mnzake walemba. Akasiyana kwambiri, amaitana wachitatu. Palibe amene amaloledwa kunena kuti "ndikuganiza kuti alipo". Amanena zimene waona ndi kuchuluka kwake.

Ntchito yodekha ngati imeneyi ndi imene imabala zipatso. Ku Manhiça, kumwera kwa dziko lathu, malo ofufuzira a CISM anatsegulidwa mu 1996. Mu 2004 anatulutsa zotsatira za katemera wa RTS,S, amene anayesedwa pa ana oposa 2,000. Mu 2019 dziko la Malawi linakhala loyamba kupereka katemerayu m'zipatala za ana, ndipo mu 2024 Mozambique anayamba kupereka katemera wa R21 m'chigawo chathu cha Zambezia.

Kodi chilankhulo chikulowa pati? Mwana asanalowe mu kafukufuku, kholo liyenera kumva bwino zimene zichitike, n'kuvomera mwa kufuna kwake. Ngati mayi akumva "malungo" ngati kutentha thupi kulikonse, adzati katemera walephera mwana akangodwala chimfine. Choncho labotale imafuna anthu otha kufotokoza sayansi m'Chinyanja chomveka, osati m'Chipwitikizi kapena m'Chingelezi mokha. Anthu otere amayambira m'kalasi mwanu.

Simufunika maikulosikopu kuti muyambe. Tungani madzi a pachithaphwi m'botolo loonekera. Ana awerenge mphutsi za udzudzu m'magulu awiri osauzana, kenako ayerekeze mayankho. Tsiku lililonse alembe zimene zasintha, mutaphimba botolo ndi kansalu kuti udzudzu usatuluke. Ayambe kufotokoza m'Chinyanja, ndipo akamvetsa muwapatse mawu a Chipwitikizi. Pa bolodi lembani "kutentha thupi" mbali ina, "malungo" mbali ina, n'kuwafunsa kuti chimene chingatiuze kusiyana kwake n'chiyani. Yankho lake ndi kuyezetsa magazi.

Mwana amene wamvetsa zimenezi akakauza makolo kuti mng'ono wake akayezedwe kuchipatala asanamwe mankhwala, phunziro lanu lagwira ntchito kale.