Linga la Timu ya Mpira: Nkhani ya Nkana ya ku Kitwe

Anthu potuluka m'bwalo la mpira ku Wusakile madzulo, amachula dzina la mnyamata amene wamwetsa cigoli. Amene waletsa zigoli zitatu palibe womkumbuka. Komatu timu ikayamba kugwa, mng'alu umaoneka coyamba kumbuyo, kwa anyamata ochinga pagolo.

Pakati pa linga la timu pamaima anthu awiri. Mpira ukabwera, mmodzi amapita kukakumana nao, ndipo mnzace amatsalira mapazi angapo kumbuyo, kuti woyambayo akaphonya iye atseke mpata. Akapita onse awiri, njira ya ku golo yatseguka. Akadikirana, mdani amapeza nthawi yoponya. Ndiponso pofuna kukola mdani mu ofusaidi, onse a kumbuyo ayenera kusunthira patsogolo nthawi imodzi, pakuti mmodzi akacedwa ndi phazi limodzi lokha msampha wonse wafwamphuka. Palibe nthawi yofunsana. Munthu wogwira nchito pansi pa mgodi azidziwa bwino zimenezi: mnzace amene watsika naye zaka zambiri amamumva ndi kugwedeza kwa nyali cabe, koma mlendo afunika kumfuulira. Kumvana kotere sikugulidwa ndi ndalama. Kumadza ndi masewera ambiri, pansi pa mphunzitsi amene amabwereza phunziro limodzimodzi mpaka litalowa m'miyendo.

Timu ya Nkana, imene kale inkachedwa Rhokana United, inali ndi mwai umenewu. Kuyambira 1982 kufikira 1993 inatenga cikho ca ligi kasanu ndi kanai, ndipo pafupifupi nyengo yonseyo mphunzitsi anali mmodzi, Bambo Moses Simwala. Migodi inkasamala timuyo, cotero anyamata sankacokacoka. M'caka ca 1990 anafika pa ndime yomariza ya cikho ca akatswiri a mu Africa. M'masewera awiri ndi JS Kabylie ya ku Algeria anawamwetsa cigoli cimodzi cokha, iwonso anabweza cimodzi, ndipo cikho cinawapulumuka pa mapenate.

Zinthu zinatembenuka pamene kampani ya boma ya ZCCM inagawidwa ndi kugulitsidwa. Mgodi wa Nkana unapita m'manja mwa eni atsopano m'caka ca 2000, ndipo ndalama za mpira m'matauni a migodi zinacepa. Nkana inatenganso ligi m'caka ca 2001, koma patapita zaka zocepa inatsika kupita ku gulu laciwiri. Timu yosauka imagulitsa anyamata ace abwino kuti ilipire otsala. Ikagonja kangapo, akuluakulu amacotsa mphunzitsi, watsopano nadza ndi macitidwe ace ndi anthu ace. Woponya zigoli angathe kufika Lacisanu ndi kumwetsa Loweruka, koma ochinga awiri osadziwana amayamba phunziro lao pa ciyambi, ndipo malipiro a sukuluyo ndi zigoli.

Citsanzo coonekera bwino cinadza ndi timu ya dziko m'caka ca 2012. Stoppila Sunzu ndi Hichani Himoonde ankasewerera timu imodzi, TP Mazembe ya ku Lubumbashi, ndipo mphunzitsi Hervé Renard anawaimika pamodzi patsogolo pa Kennedy Mweene. M'masewera atatu omariza, ndi Sudan, Ghana ndi Ivory Coast, Zambia sinamwetsedwe cigoli ngakhale cimodzi mpira uli m'kati, ndipo cikho ca Africa cinatengedwa ku Libreville.

Nkana inadzukanso. Inatenga ligi m'caka ca 2013 pansi pa Bambo Masauso Mwale, ndi kutenganso m'caka ca 2020. Koma m'zaka zace za mabvuto mphamvu inali itayamba kusamukira ku Ndola, kumene Zesco United, yodalira kampani ya magetsi, inatenga ligi yace yoyamba m'caka ca 2007.