Wakupha akatuluka m'ndende apite kuti?

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo maganizo anga pa nkhani ya anthu amene anapezeka olakwa pa kuphana kwa ku Rwanda mu 1994, pamene anthu pafupifupi 800,000, ambiri mwa iwo Atutsi, anaphedwa m'masiku 100 okha. Funso langa nali: munthu wotere akamaliza chilango chake, apite kuti?

Akuluakulu amene anakonza chiwembucho anazengedwa milandu ku khoti la United Nations ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Jean Kambanda, yemwe anali nduna yaikulu, anavomera mlandu ndipo mu 1998 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Zoonadi mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma ambiri mwa akuluakuluwa anakagwira ukaidi kutali, ku Mali ndi ku Benin, kumene sanaonane maso ndi amasiye. Mu 2021 amuna 8, ena omaliza chilango, ena opezeka osalakwa, anatumizidwa ku Niger atasowa dziko lowalandira. Kumeneko boma linawalanda ziphaso ndi kuwaletsa kutuluka pakhomo. Khoti linagamula, koma za mawa silinakonze.

Nanga anthu wamba amene anagwira zikwanje? Ndende za m'Rwanda zinadzaza ndi anthu oposa 100,000. Boma linatsegula mabwalo a gacaca, ofananako ndi bwalo la mfumu, amene kuyambira 2002 mpaka 2012 anaweruza milandu pafupifupi 2 miliyoni. Munthu akavomera, kuulula anzake ndi kupepesa pagulu, chilango chake chinkachepa, ndipo gawo lina ankalimaliza pogwira ntchito monga kukonza misewu ndi kumangira nyumba opulumuka. Mabanja ambiri anadziwira pomwepo malo amene abale awo anatayidwa, nawaika m'manda mwaulemu.

Sindikuti gacaca inalibe chilema. Oimbidwa mlandu analibe maloya, mboni zina zinkanama, ena ankapepesa ndi pakamwa pokha kuti atuluke msanga, ndipo milandu ya asilikali a RPF sinafike pa mabwalowa.

Komabe ine, amene ndinadya choko zaka zambiri, ndikudziwa kuti mwana ukamulanga umayenera kumusungira malo pa benchi. Ukapanda kutero wangomutaya, sunamuphunzitse kanthu. Mlandu suwola, tsono wolakwa alangidwe ndithu. Koma woweruza, pa tsiku lomwe akuwerenga zaka za ukaidi, aganizenso za tsiku lotuluka: adzakhala pati, adzadya chiyani, nanga anansi ake adzagona tulo?

Mawu anga otsiriza ndi a mayi wamasiye amene amakumana pachitsime ndi munthu wopha ana ake. Mayiyu asakakamizidwe kukhululuka pofuna kukondweretsa boma kapena alendo. Kulapa ndi ngongole ya wolakwa. Chikhululukiro mwini wake ndi wolakwiridwa, ndipo adzachipereka pa nthawi yake ngati mtima wake walola.

Mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito,
Ntcheu.